Waganyu amene sitimulipira

Nthawi yangopitirira pang'ono 5 koloko m'mawa, mwezi wa Febuluwale. Mame sanakamuke, ndipo phiri la Ntchisi likungoonekera nsonga yokha pamwamba pa nkhungu.

M'munda mwa azakhali anga chimanga changomasula kumene ngayaye. Pansi pake maungu ayanga mizere yonse, ndipo chiluwe chayasamula, chachikasu mbee pakati pa masamba obiriwira.

Ndanyonyomala pafupi ndi duwa limodzi. Ndikudikira mlendo.

Sanachedwe. Njuchi yatulukira cha kudambo, yazungulira kawiri, n'kulowa m'duwamo chamutu. Duwa likugwedezeka. Potuluka, njuchi ija yasintha mtundu: mutu, msana ndi miyendo zonse zayera ndi fumbi, ngati munthu wochokera kuchigayo, kungoti ufa wake ndi wachikasu.

Yauluka mikono iwiri yokha n'kulowa m'duwa lina. Ili n'losiyana ndi loyamba lija. Kunsi kwake kuli kachotupa kobiriwira, kofanana ndi dzira la nkhunda.

Yatuluka, yapita.

Dzungu layambira pamenepo.

Azakhali akubwera pambuyo panga ndi lichero, akuthyola chiluwe cha ndiwo zamasana. Ndikuona kuti sakuthyola chisawawa. Akusankha maluwa a phesi lalitali, lowonda.

"Nanga awa mukuwasiyiranji, azakhali?"

"Iwe mwana wa achimwene, tauni yakuiwalitsa? Ili ndi lalimuna, n'la ndiwo. Ilo lili ndi kadzungu kunsiro ndi lalikazi, usalikhudze. Ndipo aamunawa suthyola onse ayi. Ukatero udya nkhwani yokha chaka chonse."

Azakhali sadapitirire Sitandade 4. Koma m'mawu ochepawa anena zonse zimene buku la sayansi limafotokoza m'mutu wathunthu.

Ukwati wa maluwa

Tili ana tinkaletsedwa kuloza kadzungu ndi chala. Ankati ukakaloza kafota n'kuthothoka. Tinkaloza ndi nkhonya kapena ndi mlomo, ndipo kakathothokabe tinkayang'anana kufuna amene walakwa.

Wolakwa sanali pakati pathu. Kadzungu kamene kasanduka kachikasu n'kugwa kasanakule, nthawi zambiri ndi kamene sikadalandire mungu wokwanira.

Mungu ndi fumbi lija lidamatirira njuchi. Ndi mbewu yachimuna ya chomera. Kuti chomera chibereke, mungu uyenera kuchoka pa chiwalo chachimuna cha duwa n'kukafika pa nsonga ya chiwalo chachikazi, yomwe imakhala yonata ngati ulimbo.

Ukagwera pamenepo, kanjere kalikonse ka mungu kamamera. Kamatulutsa kampaipi kowonda kuposa tsitsi, kamene kamaboola kutsikira pansi mpaka kukafika pa timazira tobisika m'mimba mwa duwa. Zikakumana, njere imapangika. Mimba ija imayamba kufufuma, ndipo ndi imene timadzaitcha chipatso.

Nthangala iliyonse imene mumaipeza mukang'amba dzungu idafunika kanjere kakekake ka mungu. Dzungu limodzi limakhala ndi nthangala mazana. N'chifukwa chake ulendo umodzi wa njuchi sukwanira. Duwa lalikazi limafuna kuyenderedwa kambirimbiri, apo ayi dzungu limakhala lopotoka, laling'ono, kapena limangogwa.

Ndipo nthawi yake ndi yochepa. Chiluwe chimatsegula mbandakucha, dzuwa likafika pamutu chatseka kale, osadzatsegulanso. Chili ndi m'mawa umodzi wokha moyo wake wonse.

Chomera sichiyenda. Sichingapite kukafunsira mbeta kumudzi wina. Chimafuna nkhoswe yamapiko.

Nkhosweyo siigwira ntchito ulele. Duwa limailipira ndi timadzi totsekemera tobisika pansi penipeni, kuti pofuna kutifikira ikhudze kaye mungu. Mtundu wowala ndi fungo lokoma ndi chikwangwani chabe, chonena kuti pano pali chakudya. Njuchi imatenga timadzi kukapanga uchi, mungu wina n'kuumata kumiyendo yakumbuyo kukadyetsa ana. Umene wagwera panjira ndiwo phindu la chomera.

Njuchi ili ndi khalidwe lina lofunika kwambiri kwa mlimi. Ikayamba tsiku ndi maluwa a maungu, imakonda kukakamira pa maungu omwewo. Mungu wa dzungu umakafika pa dzungu, osati pa therere.

Ngakhale azungu zidawatengera nthawi kuti amvetse zimenezi. Mu 1694 Rudolf Camerarius wa ku Germany adasonyeza kuti zomera nazo zili ndi chachimuna ndi chachikazi. Mu 1793 m'Jeremani mnzake, Christian Konrad Sprengel, adalemba buku lofotokoza kuti maonekedwe a maluwa ndi nyambo yokopera tizilombo. Anthu a nthawi yake sadalilabadire, mpaka Charles Darwin adadzalifukula patapita zaka zambiri.

Chimanga chatipusitsa

Ngati nkhaniyi ndi yaikulu chonchi, bwanji siimveka pawailesi monga imamvekera ya feteleza?

Yankho lili m'mbale ya nsima.

Chimanga sichifuna njuchi. Mungu wake ndi wopepuka, umachoka ku ngayaye n'kuuluka ndi mphepo kukagwera pa ndevu. Ndevu iliyonse ndi njira yopita ku njere imodzi. Mukaona chisononkho chooneka ngati m'kamwa mogweluka mano, dziwani kuti ndevu zina sizidalandire mungu, kawirikawiri chifukwa ng'amba idafika nthawi yomasula.

Mpunga, mapira ndi mawere nazo sizidalira tizilombo. Mtedza umadzipatsa wokha mungu duwa lisanatsegule n'komwe. Chinangwa, mbatata ndi nthochi timabzala mitengo, kholowa ndi ana ake.

Choncho Mmalawi akakhuta nsima amaona ngati njuchi ndi nkhani ya uchi basi.

Koma tayang'anani kumbali kwa nsimayo, ndi pamsika.

Maungu, mavwende, nkhaka, mphonda ndi zipwete zonse zili ndi maluwa aamuna ndi aakazi padera, ndipo mungu wake ndi wolemera, mphepo siingaunyamule. Popanda tizilombo palibe chokolola.

Mpendadzuwa wosayenderedwa ndi njuchi umadzaza mankhusu opanda kanthu. Mlimi akayeza pasikelo amadabwa kuti thumba ladzaza koma silikulemera.

Mapeyala ali ndi mwambo wawo wodabwitsa. Duwa limodzi limatsegula koyamba lili lalikazi, n'kutseka, mawa lake n'kutsegulanso lili lalimuna. Silingadzikwatire lokha mosavuta. Pafunika wonyamula mungu kuchoka ku duwa lina.

Thonje, khofi, nandolo ndi therere zimatha kubereka pazokha, koma zimabereka zochuluka ndi zabwino njuchi zikamaziyendera. Makademiya a ku Thyolo, Mulanje, Nkhata Bay ndi kuno ku Ntchisi, omwe amabweretsa ndalama zakunja, amagwira bwino mungu ukachokera ku mtengo wa mtundu wina. Wotenga mungu kuchoka mzere uwu kupita mzere uwo si kapitawo. Ndi njuchi.

Mimba ingakhute ndi mphepo. Ndiwo, zipatso ndi ndalama zimafuna mapiko.

Si njuchi zokha

Tikati njuchi timaganiza za zija zopanga uchi m'ming'oma ndi m'mphako. Koma padziko pano pali mitundu ya njuchi yoposa 20,000, ndipo yambiri siipanga uchi woti munthu n'kufula. Zina zimakhala zokhazokha m'timauna tapansi, zina zimaboola mitengo youma ndi nsungwi za padenga. Zazikulu zakuda zija, zolira ngati njinga yamoto, ndizo zimatha bwino ntchito pa maluwa a magalagadeya, amene ndi aakulu moti njuchi wamba imatha kumwa timadzi osakhudza mungu.

Mango akamachita maluwa mu Julayi ndi Ogasiti, imani pansi pake mumvetsere. Ambiri mwa oimba m'mwambamo ndi ntchentche, zomwe zija timaziingitsa pa usipa.

Papaya amadikira usiku. Agulugufe ausiku ndiwo amachotsa mungu ku mtengo waumuna kupita ku waukazi. Anthu ambiri amadula papaya wamwamuna ponena kuti ndi wosabereka. Mukadula onse m'mudzi, aakazi nawo amayamba kuvutika.

Mlambe umatsegula maluwa ake oyera dzuwa likamalowa, kudikira mileme ndi agulugufe ausiku. Malambe amene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu ku Mangochi ndi ku Salima ndi ntchito ya usiku umenewo.

Ndiye pali mkuyu. Ndani adaonapo duwa la mkuyu?

Maluwa ake ali m'kati mwa nkhuyu momwemo. Aliyense amene adakulira kumudzi akukumbukira kung'amba nkhuyu n'kupezamo tizilombo ting'onoting'ono, n'kuuzira kaye asanadye. Timeneto ndi timavu. Kakakazi kamalowera pa kabowo ka kunsonga, kothina moti mapiko amathothoka. Kamalowa ndi mungu wochokera ku nkhuyu imene kadabadwiramo, kamaikira mazira n'kufera momwemo. Ana ake akaswa amatuluka atanyamula mungu, ulendo wa ku mkuyu wina. Popanda kamavuko mkuyu subereka, popanda mkuyu kamavuko sikakhala ndi pobadwira.

Ku Ghana ndi ku Côte d'Ivoire, koko amene amapangira chokoleti amadalira tintchentche tating'ono kuposa udzudzu.

Ku Madagascar kuli duwa loyera limene timadzi take tili pansi pa kampaipi kotalika pafupifupi masentimita 30. Darwin ataliona mu 1862 adanena kuti pachilumbapo payenera kukhala gulugufe wa mlomo wotalika chomwecho. Gulugufeyo adadzadziwika mu 1903, Darwin atamwalira zaka 21 m'mbuyomo.

Duwa lililonse lili ndi bwenzi lake.

Mtengo wa ganyu

Mu 2016 bungwe la akatswiri a zachilengedwe la IPBES lidatulutsa lipoti lalikulu pa nkhaniyi. Lidapeza kuti mitundu itatu mwa inayi iliyonse ya mbewu zikuluzikulu zodyedwa padziko imapindula ndi tizilombo ndi nyama zonyamula mungu. Mwa zomera zamaluwa zam'tchire, pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse zimadalira zamoyo zimenezi. Mtengo wa ntchitoyi pa ulimi adauyerekeza pakati pa madola 235 biliyoni ndi 577 biliyoni pachaka.

Kwina ganyuyu amalipiridwa ndithu.

Ku California, ku America, kumachokera gawo lalikulu la mtedza wa almond wa dziko lonse. Mitengo ikamachita maluwa mu Febuluwale, ming'oma pafupifupi 2 miliyoni imabwera pa malole kuchokera m'madera akutali a dzikolo. Eni minda amalipira lendi pa mng'oma uliwonse, ndipo alimi a njuchi ambiri kumeneko amapeza ndalama zambiri pa lendiyo kusiyana ndi pa uchi. Ku South Africa nako, eni minda ya maapozi, mapeyala ndi makademiya amachita hayala ming'oma nthawi ya maluwa.

Ku Malaysia, mitengo ya kanjedza wa mafuta idachokera ku Africa koma kachilombo kake kadatsalira. Kwa zaka zambiri antchito ankathira mungu pamanja. Mu 1981 adakatenga kanankafumbwe kena ku Cameroon n'kukamasula m'minda. Zokolola zidakwera, ntchito yamanja ija idatha.

Kwina kachilomboko sikadapezeke, ndipo anthu ndiwo adasanduka njuchi.

Vanila adachokera ku Mexico. Atamubzala pa zilumba za m'nyanja ya Indian ankachita maluwa koma osabereka. Mu 1841 mnyamata wa zaka 12, Edmond Albius, yemwe anali kapolo pa chilumba cha Réunion, adapeza njira yokumanitsira ziwalo ziwiri za duwalo ndi kamtengo ndi chala chachikulu. Mpaka lero alimi a ku Madagascar amagwiritsa ntchito njira yakeyo, duwa limodzilimodzi, m'mawa uliwonse wa nyengo ya maluwa. Albius mwini adamwalira ali wosauka mu 1880.

M'boma la Hanyuan, m'chigawo cha Sichuan ku China, alimi amakwera m'mitengo ya zipatso ndi kabotolo ka mungu ndi kaburashi ka nthenga za nkhuku. Zifukwa zake n'zingapo, koma chimodzi n'chakuti mankhwala ophera tizilombo adachuluka mpaka eni njuchi adasiya kubweretsa ming'oma m'mindamo.

Tangoganizani kuchita zimenezo pa ekala ya mpendadzuwa ku Mchinji.

Mmene tikumuphera

Pobwerera kumudzi tidutsa padimba lina m'mbali mwa mtsinje. Mnyamata wabereka chopopera kumsana, akupopera mankhwala mavwende. Nthawi ili cha m'ma 8 koloko. Mavwendewo ali pa maluwa, ndipo njuchi zili pakalikiliki.

Alibe cholinga choipa. Akuteteza ndalama zake ku nsabwe ndi mbozi. Koma mankhwala sasankha. Njuchi ina imafera pomwepo, ina imasokonekera mutu n'kulephera kubwerera kwawo, ina imanyamula poizoni kukadyetsa ana kumng'oma. Pakatha milungu itatu mnyamata yemweyu adzadabwa kuti mavwende akuthothoka, ndipo mwina adzagulanso botolo lina poganiza kuti ndi matenda.

Kupopera kudachuluka kuyambira pamene mbozi zachilendo zowononga chimanga zidalowa m'dziko muno cha mu 2016 ndi 2017. Mu Disembala 2017 boma lidalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha mbozizi. Alimi adathamangira mankhwala, ndipo adachita bwino kuteteza chimanga. Koma pansi pa chimanga chathu pamakhala maungu, nyemba ndi khobwe, ndipo njuchi zimapitanso ku ngayaye kukatola mungu.

Maiko a European Union adaletsa mu 2018 kugwiritsa ntchito panja mankhwala atatu, imidacloprid, clothianidin ndi thiamethoxam, ataona kuopsa kwake pa njuchi. Ndi alimi angati kwathu kuno amene amawerenga dzina lolembedwa pa botolo? Ambiri amagula mankhwala opungulidwa m'kabotolo kopanda chizindikiro, pa tsiku la msika.

Mdani wachiwiri ndi nkhwangwa. Njuchi siidya mwezi wa Febuluwale wokha. Minda ikauma imadalira mitengo ya m'nkhalango: mombo, msuku, mthethe, katope ndi ina, uliwonse ndi nyengo yake ya maluwa. Thumba lililonse la makala lopita m'tauni ndi nkhokwe ya njuchi imene yapsa, komanso mphako imene ikadakhala nyumba yake.

Wachitatu ndi moto. Anyamata osaka mbewa akayatsa tchire mu Ogasiti amatentha pamodzi ndi timauna ta njuchi zapansi ndi maluwa ochepa amene atsala m'chilimwe.

Wachinayi ndi kafulidwe kathu ka uchi. Wofula mwachikale amapita usiku ndi muuni wa udzu, amatentha njuchi, amakokolola zisa zonse pamodzi ndi ana, nthawi zina n'kugwetsa mtengo womwe. Wapeza ndowa imodzi ya uchi, wapha banja la njuchi zikwi makumi angapo limene limayendera minda ya makilomita awiri kapena atatu mbali zonse.

Chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Vuto la njuchi n'lakuti zikachepa sizilengeza. Mlimi amangoona kuti chaka chino maungu sadagwire, n'kunamizira mvula, mbewu kapena mnansi wa maso oipa.

Zotheka ndi manja athu

Chosangalatsa n'chakuti zambiri zofunika kuchita sizilira ndalama.

Ngati kupopera n'kosapeweka, poperani madzulo dzuwa litapendeka, maluwa atatseka ndipo njuchi zitabwerera kwawo. Osapopera kukuwomba mphepo. Ngati mnansi ali ndi ming'oma, muuzeni dzulo lake. Funsani alangizi a zaulimi za mankhwala osaopsa kwambiri, ndipo yendani m'munda kaye kuona ngati mbozi zilipodi musanatsegule botolo.

Siyani kathengo m'malire a munda ndi m'mbali mwa mtsinje. Chisoso, deliya ndi zitsamba zina zimene timazitcha tchire ndi chakudya cha njuchi pamene mbewu zathu sizili pa maluwa.

Nyengo yobzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, sankhani mitengo yochita maluwa miyezi yosiyanasiyana, yachilengedwe ndi yazipatso.

Amene angathe aike mng'oma wamatabwa, wa timitengo toyala pamwamba, umene umalola kuchotsa zisa za uchi zokha n'kusiya za ana. Utsi wochepa umakwanira, moto safunika. Uchi ndi phula n'zogulitsa, koma phindu lalikulu likaonekera m'munda. Ndipo mudzi umene wapachika ming'oma m'nkhalango sulola munthu kuyatsamo moto.

Ngakhale njuchi zitasowa padimba, mlimi wa maungu ali ndi pothawira. M'mamawa thyolani duwa lalimuna, chotsani masamba ake achikasu, kamtima katsalako kakhudzitseni pakati pa duwa lalikazi. Ndi ntchito ya Albius yomwe ija. Imatheka pa mapando khumi. Pa ekala mudzazindikira kuti njuchi inkakugwirirani ntchito yotani.

Bungwe la United Nations lidakhazikitsa 20 Meyi kukhala tsiku lokumbukira njuchi padziko lonse, kuyambira mu 2018, potsatira pempho la dziko la Slovenia. Kuno tsikuli limadutsa mwakachetechete, anthu ali kalikiliki kukolola zimene njuchizo zidathandiza kubereketsa.

Nthawi ya 11 koloko ndabwereranso kumunda kwa azakhali. Chiluwe chonse chatseka, chalendewera ngati nsanza zonyowa. Njuchi zapita kwina. Duwa lija la kachotupa kunsi nalo lafota, ndipo ndamanga kaluzi pa phesi lake kuti ndidzalizindikire.

Patatha milungu isanu azakhali adandiimbira foni. Dzungu la kaluzi lakula ngati mutu wa mwana, ndipo akulisungira ine.

Ndidaliloza ndi chala tsiku lija, kawiri konse, azakhali asakuona.

Dzungu silifa ndi chala. Limafa ndi mankhwala opopera m'mawa, nkhwangwa ndi moto. Inu amene mwagula botolo sabata ino, dikirani dzuwa lipendeke.